Kagalu Kakadzuma

Pa msika wa Soweto mu Lusaka pamadzaza anthu kuyambira m'mamawa. Magalimoto amatsitsa tomato, anyezi ndi kabici. Anyamata amakankha mawilibala uku akufuula kuti anthu apatuke. Pakati pa phokoso lonseli pamayendanso agalu ofuna mafupa ndi zakudya zotsala. Anthu ambiri a m'tauni amachula galu kuti imbwa. Ena mwa agaluwa ndi ang'onoang'ono, ndipo mwana akaona kagalu kotere amafuna kukanyamula.

Koma nthawi zina kagalu kamauma thupi, kamaonetsa mano ndi kucita "grrr!" Uku ndiye kudzuma. Mwana akapitiriza kukayandikira, kamalumira m'mwamba kuti khapu! pafupi ndi dzanja lake.

Kodi kagalu kotere ndi koipa? Iyayi. Galu alibe mau ngati munthu. Akadzuma ndiye kuti akunena kuti, "Ndaopa, ndisiye." Tiagalu ta panyumba, kaya ku Kabwata kapena ku Chelstone, timacitanso cimodzimodzi. Kagalu kamadzuma munthu akafika pa mbale yake kakudya. Kamadzuma akakadzutsa mwadzidzidzi, akakakoka mcira, kapena akakagwira pamene pali cilonda.

Anthu ena amathamangira kutenga ndodo. Kumenya si mankhwala. Kagalu komenyedwa kamaopa anthu kwambiri kuposa kale. Coopsa n'cakuti kamaphunzira kuti kudzuma kumabweretsa ndodo, motero kamaleka kucenjeza. Tsiku lina kadzangoluma kali cete.

Mwana wocenjera akamva kudzuma amaima. Sakuwa, sathawa, ndipo sayang'ana kagalu m'maso. Amatsitsa manja ndi kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Kenaka amauza munthu wamkulu.

"Amai, kagalu kandidzumira pa mbale yake!"

"Kasiye cabe, mwanangu. Kalekeni kadye, udzasewera nako kakatsiriza."

Kuphunzitsa kagalu ndi nchito ya akuluakulu. Kagalu kakamadya, wamkulu amaima patali ndi kukaponyera kanyama pafupi ndi mbale, kenaka amacoka. Mawa amacitanso, mkuja amacitanso. Masiku akamapita amayandikira pang'ono. Kagalu kamayamba kudziwa kuti munthu wobwera ku mbale sadzalanda cakudya, koma abweretsa cina cokoma. Izi sizitha tsiku limodzi ayi.

Palinso kuluma kwa masewera. Kagalu kamakhala ndi mano 28 aukhanda, akuthwa ngati singano. Kakakwanitsa miyezi inai, manowa amayamba kuguluka ndipo pamamera mano 42 aukulu. Nthawi imeneyi nkhama zimayabwa, ndiye kamatafuna ciliconse: nsapato, mwendo wa mpando, ngakhale yunifomu ya kusukulu! Ndi bwino kukapatsa cingwe cokhuthala kuti kazitafuna. Mano ake akakhudza dzanja la mwana, masewera amathera pomwepo. Mwana amaimirira ndi kucoka mwakacetecete. Kagalu kamakonda masewera, motero kamaphunzira msanga kuti kuluma kumathetsa cisangalalo.

Kagalu kofatsa kakayamba kudzuma ndi kuluma mwadzidzidzi, mwina kadwala. Akuluakulu akapereke kwa dokotala wa ziweto. Matenda oopsa kwambiri ndi ciwewe. Matendawa amalowa mwa munthu kudzera m'malovu a galu wodwala, ndipo amapha. Kagalu kamafunika kulasidwa nyeleti yoteteza ciwewe kakakwanitsa miyezi itatu. Caka ciliconse pa 28 September anthu pa dziko lonse amakumbutsana za matenda amenewa.

Mwana akalumidwa, asabise poopa kukalipiridwa. Ngakhale cilonda cikhale cacing'ono ngati cokandidwa ndi minga, auze wamkulu nthawi yomweyo. Cilondaco acitsuke ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15. Akatero apite naye ku kiliniki tsiku lomwelo, osadikira mawa.

Nanga kagalu ka pa msika, kamene kagona pansi pa thebulo la kapenta? Palibe amene adziwa ngati kanalasidwa nyeleti. Mwina mai wake ali pafupi, ndipo galu wa ana ndi waukali maningi. Mwana amangokayang'ana ali patali, atagwira dzanja la amai ake.