Kukoma ndi Kuopsa kwa Msewu wa ku Chikwawa

Ife a ku Chilomoni, Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa tinakulira m'tsinde mwa mapiri, choncho chitunda sitichidabwa. Koma alendo okonda kuyendetsa galimoto ndi njinga zamoto patchuthi amachita kufunafuna misewu ya m'mapiri. M'nkhani ino ndifotokoza umodzi mwa misewu yotere, wa M1 wotsikira ku Chikwawa.

Mzinda wa Blantyre uli pamalo okwera mamita oposa 1,000 kuchokera panyanja yamchere, pomwe Chikwawa ali pa mamita pafupifupi 100 okha. Msewu wolunjika ukanakhala wotsetsereka kwambiri, n'chifukwa chake amisiri anaukhotetsakhotetsa. Makona amenewa ndiwo amasangalatsa alendo, ndipo akaima pa Kamuzu View amaona mtsinje wa Shire uli pansi m'chigwa.

Komabe mtsetse womwewo ndi woopsa. Dalaivala akamangoponda mabuleki njira yonse, mabulekiwo amatentha n'kusiya kugwira. Odziwa amatsika pa giya yaing'ono kuti injini izithandiza kuchepetsa liwiro, ndipo sapitirira galimoto ina pakona.

Chinanso n'chakuti msewuwu si bwalo la mpikisano. Mumadutsa malole a shuga ochokera ku Nchalo, maminibasi, akabaza komanso abambo okankha njinga za makala. Mlendo woyesa liwiro amaika pachiswe miyoyo ya anthu amene akungosaka chakudya cha ana awo. Ine ndimaona kuti msewuwu umakomera woyenda pang'onopang'ono. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.