Kusankha Chida Cholembera Masamba a pa Intaneti

Boma la Thyolo lidziwika ndi tiyi. Minda ya Satemwa, imene Maclean Kay anaiyamba m'chaka cha 1923, pamodzi ndi ya Makandi, Conforzi ndi Naming'omba, yakhala ikutumiza tiyi kumsika wa ku Limbe ndi kumaiko akutali kwa zaka zambiri. Masiku ano wogula wa kunja ayamba wafufuza pa intaneti asanalembe kalata, kotero kuti mwini munda ayenera kukhala ndi tsamba lofotokoza malonda ake. Maofesi a Boma nawonso ali ndi udindo wotere, pakuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani kumaofesi linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Tsono funso limene mlembi wa pa ofesi ndi mphunzitsi wamkulu akumana nalo ndi ili: kodi tsambalo lilembedwe ndi chida chotani?

Tsamba lililonse lili ndi nkhope ziwiri. Yoyamba ndi imene owerenga aiona. Yachiwiri ndi zizindikiro zobisika zotchedwa HTML, zimene Tim Berners-Lee anakonza ku CERN, pafupi ndi Geneva, cha m'ma 1990. Zizindikirozi ndizo ziuza foni kapena kompyuta kuti apa pali mutu, apa ndime, apa chithunzi.

Zida zolembera zili za mitundu iwiri. Zina, monga Notepad++ ndi Visual Studio Code, zimene zipezeka mwaulere, zifuna kuti munthu alembe yekha zizindikirozo. Zina, monga Dreamweaver ndi WordPress, zilola munthu kukonza tsamba akuliona ndi maso, ndipo chida chimalemba chokha zizindikiro kuseri. Njira yachiwiriyi ndi yapafupi, koma zida zina ziunjika zizindikiro zopanda ntchito. Kalata yolembedwa mu Microsoft Word ikasandutsidwa tsamba, imatenga zizindikiro zochuluka zimene Word yekha azifuna. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Othyola tiyi adziwa bwino nkhani yotere. Lamulo la m'munda ndi kuthyola masamba awiri ndi nsonga. Dengu lodzala mitengo ndi masamba okhwima lilemera pa sikelo, koma tiyi wake atsika mtengo. Tsamba la pa intaneti lodzala zinyalala nalonso lilemera, ndipo wolipira kulemerako ndi wowerenga. Anthu ambiri a ku Thekerani, Bvumbwe ndi Luchenza awerenga pa foni, ndi bandulo ya TNM kapena Airtel yogula ndi ndalama za thukuta. Kholo lofuna kudziwa tsiku lotsegulira sukulu, kapena mnyamata wofuna ntchito ku fakitale ya tiyi, akaona tsamba likuchedwa angolitseka, ndipo uthengawo sufika. Anthu osaona avutika koposa, chifukwa makina owawerengera mokweza atsata zizindikiro za mitu. Mutu wongokulitsidwa malembo popanda chizindikiro chake sudziwika kuti ndi mutu.

Wosankha chida ayenera kuchiyesa m'njira zinayi. Poyamba alembe ndime ziwiri zokha, kenaka atsegule zizindikiro za kuseri. Ngati mawu ake amira m'mizere yambirimbiri yosadziwika, chidacho achisiye. Chachiwiri, apereke tsambalo ku choyesera chaulere cha bungwe la W3C, limene linakhazikitsidwa mu 1994 kuti lisunge malamulo a kalembedwe aka. Choyeseracho chionetsa cholakwa chilichonse ndi mzere wake. Chachitatu, aone ngati chidacho chisunga malembo m'njira ya UTF-8 ndi kulola chizindikiro cha "ny", choimira Chichewa. Popanda UTF-8 chilembo cha ŵ, cha m'dzina lakuti Malaŵi, chikhoza kusanduka zokhwatchakhwatcha. Chachinayi, afunse ngati eni chidacho akali kuchisamala. Microsoft inaleka kupanga FrontPage mu 2006, ndipo amene anadalira zizindikiro zapadera za chidacho anayenera kukonzanso masamba awo.

Mfundo yachinayiyi ikhudza kwambiri ogwira ntchito za Boma, pakuti iwo amasamutsidwa. Mlembi wa ku Thyolo mawa ali ku Karonga, ndipo wolowa m'malo mwake alandira tsamba monga alandirira mafayilo. Tsamba laudongo atha kulitsegula ndi chida chilichonse. Losokonezeka ayenera kulilemba kachiwiri, ndi ndalama za msonkho.

Aphunzitsi nawo ali ndi gawo lawo. Sukulu ya ukachenjede ya MUST, imene inatsegulidwa ku Ndata m'boma lomweli mu 2014, ilandira ana ochokera m'manja mwawo. Mwana wophunzira zizindikiro khumi zoyamba za HTML ndi dzanja lake adzadziwa kuweruza ntchito ya chida chilichonse. Ndipo ofesi isanalengeze tsamba latsopano, ndi bwino kuti wina apite nalo pa foni wamba mpaka ku nyumba za antchito a m'minda ya tiyi, akaone ngati litseguka msanga kumeneko.