Mankhwala Osalumpha Ngakhale Tsiku Limodzi

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kotchedwa adrenal, kamene kamapanga cortisol wothandiza kuti magazi aziyenda mwamphamvu ndiponso shuga asatsike m'thupi. Tiziwaloti tikaonongeka, ndipo kuno kwathu TB ndiyo imationonga kawirikawiri, munthu amafooka, amaonda, khungu limada, mchere amaulakalaka. Thomas Addison, dokotala wa ku London, anafotokoza matendawa mu 1855.

Wamkulu amamwa hydrocortisone mamiligalamu 15 mpaka 25 patsiku, ogawidwa kawiri kapena katatu, moyo wake wonse. Ambiri amaonjezerapo fludrocortisone wosunga mchere m'thupi.

Chimene chimatidetsa nkhawa ife a m'mbali mwa nyanja ndi malungo. Thupi likatentha, mlingo uja saupungula ayi, amauchulukitsa kawiri monga adokotala analangizira. Wodwala akayamba kusanza, abale, musadikire kuche. Thamangirani naye kuchipatala akabayidwe jakisoni wa hydrocortisone, poti akhoza kukomoka ngakhale kumwalira.

Nanga Ramadhani? Kaonaneni ndi adokotala mwezi usanaoneke. Ena amawasinthira ku prednisolone womwa kamodzi pa daku, koma ena amauzidwa kuti asasale, ndipo Chisilamu chinampatsa wodwala chilolezo chimenechi.