Khola ndi Kufundula kwa Nsato Yoweta

Nsato yaing'ono imene akatswiri amaitcha Python regius si ya ku Tete. Kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo zambiri zogulitsidwa kunja kuchokera kumeneko ndi za ku Togo, Benin ndi Ghana. Ilibe ululu, imatalika mita imodzi kapena mita ndi theka, ndipo ikaopa imadzikulunga ngati nkhata, mutu n'kuubisa pakati. Isasokonezedwe ndi nsato ya m'chigwa cha Zambezi, imene imatha kupitirira mamita 4 ndipo si yoweta.

Kuthengo njokayi imaswera mu una wa makoswe kapena m'chulu, momwe muli mdima ndi chinyontho. Khola liyenera kufanana ndi malo amenewo. Yaikulu imafuna bokosi la masentimita 120 m'litali ndi 60 m'lifupi, lotsekeka bwino. Mbali ina ikhale yofunda, madigiri 31 kapena 32, ina yozizirirapo, pafupifupi 26, kuti njoka izisankha yokha. Mbali iliyonse pakhale pobisala, ndipo mphika wadothi wovundikira, woboola pambali, umakwanira. Pansi pamayalidwa makoko a kokonati opera. Utuchi wa mkungudza umaipweteka. Madzi asasowe m'mbale yolemera yosagubuduzika.

Nyengo ya kumene woweta akukhala ndiyo imalamula zambiri. Ku Moatize, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40, ndipo bokosi losiyidwa m'nyumba yamalata kapena pawindo likhoza kupha njoka masana amodzi. Mpweya umaumanso kwambiri. Ku Zóbuè, kumtunda kumalire ndi Mwanza, vuto ndi usiku wa Juni ndi Julayi, pamene pamafunika chofunditsira chamagetsi chokhala ndi chida chochepetsera kutentha. Kuyeza ndi dzanja n'kudzinamiza. Pamafunika chipangizo choyezera.

Kufundula ndiko kumaulula ngati khola lili bwino. Njoka yaing'ono imafundula pakatha milungu 4 mpaka 6, yaikulu mwa apo ndi apo. Khungu limayamba kuthimbirira, maso amachita mbuu ngati mwalowa utsi, ndipo imakana chakudya. Pa masiku amenewa siiona bwino, choncho siyenera kugwidwagwidwa. Maso akayera, pamapita masiku ochepa, kenako imakwecha mphuno pa mwala kapena chikuni n'kutuluka m'khungu lakale, lomwe limatsala lotembenuzika, lathunthu kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Khungu likamatuluka zidutswazidutswa, ndiye kuti chinyontho chachepa. Chiyenera kukhala 55 mpaka 60 peresenti, n'kukwera kufika 70 pa nthawi yofundula, zomwe zimatheka ponyowetsako zoyala kapena kuika kansalu konyowa m'mphika wobisalamo. Zotsalira sizisendedwa mokakamiza, makamaka za pamaso. Zimenezo zikakanirira ndi ntchito ya dokotala wa ziweto. Kunsonga ya mchira nakonso kuyang'anidwe, chifukwa khungu lotsalirako limauma, n'kumanga ngati lamba mpaka magazi kuleka kufikako.