Khobidi Lakale Musalikweche

Chidwi changa pa makhobidi akale chinayamba ndili pa ntchito ya usiku m'chipatala ku Birmingham. Gogo wina amene ndinkamusamalira anandionetsa khobidi lolemera, lakuda bii, la chaka cha 1797.

Khobidili analipanga ndi Matthew Boulton pa fakitale yake ya Soho, ndi makina oyendera nthunzi. Ndi la mkuwa, lolemera magalamu 28, ndipo lili ndi nkhope ya Mfumu George III. Akatswiri amawerenga masamba a nkhata imene ili kumutu kwa mfumuyo: makhobidi ena ali ndi 10, ena 11. Mukaona kamzere kotukuka ngati mtsempha wa padzanja, dziwani kuti chidindo chinali chitang'aluka.

Zolakwika zilipo ngakhale pa ndalama zimene timagulira buledi. Kuyambira 1982, pa 2p anayamba kulemba "Two Pence", koma mu 1983 zochepa zinadindidwa ndi mawu akale akuti "New Pence". Zimenezi ndizo zamtengo wapatali. Za 1971 zilipo mbwee, choncho ogulitsa pa intaneti asakupusitseni.

Ine nditagula langa la 1797 pamsika, ndinalikwecha ngati poto mpaka linawala. Wogulitsa uja ataliona anapukusa mutu: mtengo wake unali utatsika, chifukwa ogula amafuna mtundu wake wakale womwewo.

Abale, mukapita kumudzi funsani agogo khobidi loboola pakati la nthawi ya Chitaganya, lija la njovu ziwiri. Likulungeni m'kapepala kouma, osalitsuka, ana adzalione.