Malonje ndi Luso la Kucheza

Ambiri a ife pano pa sukulu timayesa kuti wodziwa kucheza ndi uja wa pakamwa popepuka, amene akayamba nkhani m'chipinda chodyera salekeza kufikira belu litalira. Inenso ndinali kuganiza chomwecho kufikira chaka chatha, pamene pakamwa pangapa panatsala pang'ono kuthawitsa mnyamata wina sukulu.

Mnyamatayo anali wa Fomu 1, wochokera ku Chilumba m'boma la Karonga, ndipo anampatsa kama woyandikana ndi wanga. Usiku woyamba ndinamfunsa kwao, iye nayankha liu limodzi lokha: "Chilumba." Pomwepo ndinayamba kumsimbira za kwathu ku Dedza, za phiri lathu, za kachewere, ndi za zigoli zimene ndinamwetsa pa mpira, zoona ndi zoonjezera zomwe. Potembenuka ndinapeza atapfunda kumutu. M'mawa mwake ndinauza anzanga kuti mlendoyo ngwonyada, ndipo iwo anayamba kuseka Chichewa chake, pakuti kwao amalankhula Chitumbuka. Anakhala duu masabata atatu. Tsiku lina ndinamva kuti wapempha aphunzitsi kuti amlembere kalata abwerere kwao. Nkhaniyi inandisowetsa tulo, ndipo usiku umenewo ndinakumbukira m'mene agogo anga amalandirira alendo.

Kumudzi mlendo akafika amati "Odi!" ndipo ana amathamanga kukamlandira katundu. Amamuyalira mphasa, nampatsa madzi kapena thobwa, ndipo palibe womfunsa kanthu kufikira thukuta litauma. Atatero eni khomo amadza mmodzimmodzi kudzapereka moni, ndipo pambuyo pake ndi pamene pamabwera malonje. Mlendo amafotokoza m'mene wasiyira anthu kwao, nthawi imene ananyamuka, mitsinje imene anaoloka, ndi amene anakomana nao pa njira. Nthawi yonseyi agogo salankhula zao. Amangoti, "Eee... kodi!... pepani... ndiye munatani?" Mlendo akatsiriza ndi pamene iwo amanena za pakhomo: za matenda, za mvula, za mbeu. Kale ndinkaona ngati kutaya nthawi, koma tsopano ndazindikira nzeru yake. Munthu ali yense, ngakhale wamanyazi chotani, ali ndi nkhani imodzi imene aidziwa kuposa wina ali yense, ndiyo ya ulendo wake. Malonje amampatsa poyambira posabvuta.

Madzulo ake, pobwera ku nchito ya m'munda wa sukulu, ndinamtsata ku mpope ndi kumfunsa kuti, "Achimwene, kuchokera ku Chilumba kufika kuno munayenda bwanji?" Anandiyang'ana kaye ngati afuna kuona ngati ndimseka. Kenaka anati anakwera Ilala. Ine nyanja sindinaionepo, choncho ndinafunsa ngati sitimayo igwedezeka. Anaseka koyamba chibwerere. Anandiuza za mphepo ya mwera imene inasanzitsa anthu pafupi ndi Nkhata Bay, za malambe a pa Likoma, ndi za madoko ena kumene sitima inaima patali anthu natsikira m'maboti, nkhuku ndi matumba a usipa ziri pamutu. Anandiuzanso kuti sitimayo inayamba kuyenda pa nyanja mu 1951, ndi kuti zitsulo zake zinachokera ku Scotland nkudzazilumikiza konkuno. Tinachedwa ku chakudya tonse awiri, ndipo nyemba tinazipeza zitatha.

Taonani kusiyana kwa mafunso anga awiri. "Kwanu nkuti?" liri ndi yankho la liu limodzi, ndipo likaperekedwa nkhani yafa. "Munayenda bwanji?" silingayankhidwe popanda kusimba. Mafunso oyamba ndi "bwanji" kapena "chinachitika nchiani" ali ngati nkhuni zouma pa moto. Aja a "inde" ndi "iai" ali ngati ziwisi. Koma mafunso akachuluka motsatizana amasanduka mlandu wa ku bwalo. Funso labwino limatuluka m'mau amene mnzako wangonena kumene, osati m'mutu mwako.

Kuyamba nkosabvuta kwenikweni. Chobvuta ndi kusunga moto. Pa nthano wosimba akati "Padangokhala," ife timayankha kuti "Tiri tonse," ndipo tikaleka kuyankha iye amadziwa kuti tagona, naleka. Kucheza kuli chimodzimodzi. Womvera ali ndi nchito yake: kubvomera, kudabwa, kuseka poyenera kuseka. Tsono ambiri a ife pamene mnzathu alankhula sitimva konse, tingodikira kuti apume mpweya tilowetse zathu. Wina akati, "Kwathu kunagwa matalala," ife msanga, "Aaa, a kwathu ndiye anapha mbuzi!" Uku ndi kulanda mau pakamwa, ndipo ndiganiza kuti matendawa tawatengera ku mitsutso yathu ya Loweruka, kumene timaphunzira kufunafuna pofooka pa mau a mnzathu kuti timgwetse. Mtsutso ngwabwino pa malo ake, koma pa kucheza palibe wopambana.

Za miseche sindinena zambiri. Imakoma msanga ngati nzimbe, koma amene ukudya naye miseche lero amachoka akudziwa kuti mawa udzadya iye. Kunenanso za akulu, mwambo tiudziwa tonse: iwo ndiwo ayamba, ife tiyankha ndi "inu" osati "iwe," ndipo funso lokoma kwa iwo ndi la zakale, pakuti pamenepo sasowa chonena.

Mnyamata uja kalata yake sanaitumize. Tsopano ali Fomu 2 ndipo amaimba m'kwaya. Wandiphunzitsa kupereka moni m'Chitumbuka, "Muli uli?" ndi kuyankha kuti "Nili makora," ndipo anzake a kumpoto amaseka katchulidwe kanga monga momwe ife tinasekera kake. Nthenda yanga yolanda mau sinatheretu. Ndikayambanso za zigoli za ku Dedza iye asanatsirize, amangokweza chala nati, "Achimwene, sitima sinafike pa doko."