Kompyuta ikakana mwini wake wa kafe

Mu 2024 chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, ndipo kampani ya magetsi ya ZESCO inkazimitsa malaiti maola ambiri tsiku lililonse. M'makomboni monga Matero, Kanyama ndi Chawama, eni makafe a intaneti komanso ogulitsa Wi-Fi anakumana ndi vuto lina: malaiti akabwera, pulogalamu yoonetsa amene akudya data inkakana pasiwedi ya admin.

Ine ndimauza eni makafe kuti asathamangire kufufuta zonse. Nthawi zina pasiwedi imakhala yolondola, koma database imene pulogalamu ngati Zabbix imasungamo mayina a olowa sinadzuke bwino makina atazima mwadzidzidzi. Iyambitseni kaye, kenako yesaninso.

Zilembo nazo zimasokoneza. Zabbix yongoikidwa kumene imafuna dzina la Admin, A wamkulu, pasiwedi zabbix. Mukalakwitsa kasanu, imakutsekerani kwa masekondi 30. Pulogalamu ina ya PRTG imayamba ndi prtgadmin ponse pawiri, pa dzina ndi pa pasiwedi, pamene ntopng imafuna admin ponse pawiri, pa port 3000.

Rauta ya MikroTik ndi nkhani ina. Adiresi yake yoyamba ndi 192.168.88.1, koma ngati wina anaisintha, pulogalamu ya Winbox imatha kulowa pogwiritsa ntchito MAC address, bola kompyuta yalumikizidwa ndi chingwe. Pa marauta ambiri atsopano pasiwedi imalembedwa pa kapepala komatidwa pa rautayo.

Mukalowa, sinthani pasiwedi yakufakitale tsiku lomwelo, muilembe m'buku lotsekeredwa, ndipo mugule UPS yoti makina azizima mwadongosolo ZESCO ikadula malaiti.